MAKINA AMENE ATHANDIZA APOLISI KUGWIRA MAGULU A ZIGAWENGA

Phunziro la mwezi uno

Mayi akafuna ufa sasankha chimanga njere imodziimodzi. Amakonola mumtondo, natenga lichero, napeta kuti madeya apite kwake ndipo mphale itsale. Koma atatha kupeta amayang'anabe ndi maso ake ngati mwatsalira timiyala, pakuti lichero silidziwa kusiyanitsa mwala ndi mphale.

Phunziro la mwezi uno likamba za lichero la mtundu wina, limene apolisi a maiko ena agwiritsa ntchito masiku ano pofunafuna zigawenga. Lichero limeneli ndi makompyuta ophunzitsidwa kuzindikira mawu, zithunzi ndi nkhope za anthu. Luso lotere litchedwa nzeru za makina, ndipo m'Chingerezi alifupikitsa kuti AI. Owerenga aona m'munsimu kuti makinawa athandiza kwambiri, komanso kuti alakwa nthawi zina, kotero kuti mlandu wa munthu suyenera kusiyidwa m'manja mwa makina okha.

1. Kodi gulu la zigawenga ndi chiyani?

Mbala ya m'mudzi imene iba nkhuku usiku ndi yoipa, koma ili yokha, ndipo ikagwidwa nkhani yatha. Gulu la zigawenga silitero. M'chaka cha 2000 maiko a m'bungwe la United Nations anasonkhana mumzinda wa Palermo ku Italy, nasaina pangano lolimbana ndi magulu otere. Panganolo linena kuti gulu la zigawenga ndi anthu atatu kapena oposerapo amene agwirizana kwa nthawi ndithu kuchita milandu yaikulu kuti apeze chuma. Malonda awo ndi mankhwala ozunguza bongo, mfuti, minyanga ya njovu, nyanga za chipembere, kuzembetsa anthu, ndi kubera anthu ndalama pafoni.

Pali zifukwa ziwiri zimene zichititsa kuti magulu amenewa avute kugwira. Choyamba ndi chakuti mkulu wa gulu sakhudza katundu ndi manja ake. Iye atuma wina, winayo atumanso wina, ndipo amene agwidwa pamsewu ndi wonyamula chabe, amene kawirikawiri sadziwa ngakhale dzina la bwana wake. Chachiwiri ndi malire a maiko. Katundu achokera m'dziko lina, atsikira padoko la dziko lina, ndipo ndalama zake zisungidwa m'dziko lachitatu, pamene wapolisi ali ndi mphamvu m'dziko lake lokha.

Komabe magulu onsewa ali ndi chofooka chimodzi. Anthu ambiri sangagwire ntchito imodzi popanda kulankhulana. Ayenera kuuzana mtengo, tsiku, malo, ndi dzina la munthu amene wawalakwira. Apa ndi pamene apolisi a ku Ulaya anawapezera.

2. Mafoni achinsinsi

Panali kampani ina yotchedwa EncroChat imene inkagulitsa mafoni a m'manja a mtundu wachilendo. Mafoniwo anawachotsa kamera, kachipangizo komvera mawu, ndi kachipangizo kosonyeza malo amene munthu ali. Uthenga ukachoka pafoni ina unkasandulika zilembo zosamveka kufikira utafika pafoni inzake, kotero kuti wina wowutchera panjira sakanatha kuwerenga. Panalinso nambala yapadera imene mwini foni akaibaya, zonse za m'katimo zinkafufutika nthawi yomweyo.

Foni imodzi inkagulidwa pafupifupi mayuro 1,000, ndipo mwini wake ankalipiranso mayuro 1,500 pa miyezi 6 iliyonse. Ngakhale mtengo unali wotere, anthu pafupifupi 60,000 padziko lonse anali nayo, ndipo 10,000 mwa iwo anali ku Britain. Popeza ankakhulupirira kuti palibe angawamve, ambiri ankalankhula poyera za malonda awo, natumizirana zithunzi za katundu, za ndalama ndi za mfuti.

Apolisi a ku France anayamba kufufuza kampaniyo m'chaka cha 2017, ataona kuti zigawenga zambiri zimene ankagwira zinali ndi mafoni amenewa. Pambuyo pake anapeza kuti makompyuta aakulu oyendetsa mauthengawo anali m'dziko lawo lomwelo, mumzinda wa Roubaix. Atalandira chilolezo cha bwalo la milandu, akatswiri awo analowetsa pulogalamu yobisika m'mafoniwo, ndipo kuyambira mu Epulo 2020 apolisi a ku France ndi a ku Netherlands ankawerenga mauthenga eni ake osadziwa. Bungwe la Europol, limene lithandiza apolisi a maiko a ku Ulaya kugwirira ntchito pamodzi, linkagawira maiko ena mauthenga okhudza anthu awo. Zinatero kufikira pakati pa Juni 2020, pamene kampaniyo inazindikira kuti yalowedwa, niuza makasitomala ake kuti ataye mafoniwo msanga.

Owerenga aonetsetse kuti kutsekula mafoniwo sikunali ntchito ya nzeru za makina, koma ya akatswiri aumunthu. Makina ophunzitsidwa anafunika pambuyo pake, chifukwa cha vuto latsopano limene linabuka.

3. Mulu wosatheka kuuwerenga

Vutolo linali kuchuluka kwa mauthenga. Bungwe la Europol linalengeza mu Juni 2023 kuti mauthenga amene anaunikidwa pa nkhani imeneyi anapitirira 115 miliyoni. Nambala yotere siimveka msanga m'mutu, choncho ndi bwino kuiyerekeza. Ngati wapolisi mmodzi awerenga uthenga umodzi pa masekondi 10, nagwira ntchito maola 8 patsiku, awerenga mauthenga 2,880 dzuwa lisanalowe. Kuti amalize onse 115 miliyoni afunika zaka zoposa 100, osapuma ngakhale tsiku la Mulungu.

Tsono m'kati mwa mulu umenewo munali mauthenga ena osayenera kudikira. Ambiri anali opatsana moni, okangana za mtengo, kapena okamba za mpira. Koma apa ndi apo panali uthenga wonena kuti wakutiwakuti aphedwe mawa, kapena agwidwe nkukazunzidwa. Uthenga wotere ukawerengedwa patapita sabata, apolisi apeza maliro. Ukawerengedwa tsiku lomwelo, munthu apulumuka. Choncho funso linali lakuti: pa mauthenga onsewa, ayambe kuwerenga ati?

4. Kodi makina aphunzira bwanji?

Ku Netherlands kuli bungwe la Boma loyeza umboni wa milandu, lotchedwa Netherlands Forensic Institute. Akatswiri a bungweli anakonza kompyuta yophunzitsidwa kufunafuna mauthenga oopseza moyo wa munthu pakati pa mauthenga a EncroChat.

Kaphunzitsidwe ka makina otere kafanana ndi momwe mnyamata aphunzirira kusankha fodya. Palibe amene amuwerengera malamulo onse. Bambo wake angomuonetsa masamba ambiri, nanena kuti ili ndi labwino, ili ndi lowonongeka, kufikira mnyamatayo ayamba kuzindikira yekha. Momwemonso anthu odziwa ntchito atenga mauthenga ambiri, nawaika m'magulu awiri, oopsa ndi osaopsa, nawapereka kwa kompyuta. Kompyutayo iyerekeza, ilakwa, ikonzedwa, iyerekezanso, kambirimbiri, kufikira iyamba kuzindikira mawu amene ayendera limodzi m'mauthenga oopsa.

Wina angafunse kuti, bwanji osangouza kompyuta kuti ifunefune mawu akuti “kupha”? Yankho ndi lakuti zigawenga zilankhula mozimbaitsa. Mwachitsanzo, munthu atha kulemba kuti “uja agone lero”, ndipo mawu omwewo anganenedwe ndi mayi za mwana wake, kapena ndi chigawenga za mdani wake. Kusiyana kwake kuli m'mawu ena ozungulira. Makina ophunzitsidwa bwino ayang'ana chiganizo chonse, osati liwu limodzi.

Ikatha kuphunzira, kompyuta ipatsa uthenga uliwonse malikisi monga achitira mphunzitsi pa mayeso. Uthenga wooneka woopsa ulandira malikisi ambiri nukwera pamwamba pa mndandanda. Wapolisi akafika kuntchito m'mawa ayamba ndi apamwambawo. Iye ndiye awerenga, aganizira, nagamula ngati kuli koyenera kuthamangira kukachenjeza munthu. Makina sagamula kanthu. Angosintha ndondomeko yowerengera, kuti chofunika chiyambe.

Pali ntchito zinanso zimene makina otere athandiza pa milandu ya mtundu umenewu. Atanthauzira mauthenga kuchokera m'chinenero china kunka m'china. Asankha zithunzi zokhala ndi mfuti kapena ndalama pakati pa zithunzi zambirimbiri. Ajambulanso chithunzi chonga ukonde wa kangaude, chosonyeza amene alankhula ndi yani, ndipo kangati. Pa ukonde wotere mkulu wa gulu, amene sakhudza katundu, aonekera poyera chifukwa ulusi wambiri ukathera kwa iye. Akuluakulu anati khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

5. Zimene apolisi anapeza

Pa 2 Julayi 2020 apolisi a maiko okhudzidwa analengeza za ntchito imeneyi. Ku Britain kokha anali atamanga anthu 746, nalanda ndalama zokwana mapaundi 54 miliyoni, mfuti 77, ndi mankhwala ozunguza bongo oposa matani 2. Ananenanso kuti analepheretsa ziwembu zoposa 200 zoopseza miyoyo ya anthu.

Ku Netherlands mauthengawo anatsogolera apolisi ku nyumba yosungira katundu pamalo otchedwa Wouwse Plantage, pafupi ndi malire a dziko la Belgium. Kumeneko anapeza makontena 7 achitsulo, a mtundu wonyamulira katundu pasitima zapamadzi. Ena anawasandutsa zipinda zotsekeramo anthu, ndipo imodzi inali yozunziramo, yokhala ndi mpando wa dokotala wa mano ndi malamba omangira manja ndi miyendo. Makoma ake anawakuta kuti kulira kwa munthu kusamveke kunja. Apolisi anafika mu Juni 2020 malowo asanayambe kugwira ntchito, ndipo anthu amene anayenera kuzunzidwamo anali atachenjezedwa kale nabisala.

Pofika Juni 2023 bungwe la Europol linati anthu 6,558 anali atamangidwa m'maiko osiyanasiyana, ndalama pafupifupi mayuro 900 miliyoni zinalandidwa kapena kutsekeredwa, ndipo kokeni wolandidwa anapitirira matani 100.

Komabe ntchito yovuta inatsalira anthu. M'mafoniwo munalibe maina enieni, koma maina ongopeka. Kuti munthu aimbidwe mlandu, apolisi anayenera kutsimikiza kuti dzina lopekalo ndi la munthu wakutiwakuti. Munthu wina wa ku Liverpool anatumiza kwa mnzake chithunzi cha tchizi chimene anali atanyamula m'dzanja lake. Akatswiri a zidindo za zala anaunika chikhato ndi zala zake pachithunzipo, namuzindikira. Mu Meyi 2021 bwalo linamulamula kukhala m'ndende zaka 13 ndi miyezi 6. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndiponso asaganize wina kuti uchigawenga unathera pamenepo. EncroChat itatsekedwa, zigawenga zinasamukira ku mafoni ena. Mu Malichi 2021 apolisi a ku Belgium, Netherlands ndi France analengeza kuti alowanso m'mafoni a Sky ECC. Mu Juni chaka chomwecho zinadziwika kuti mafoni ena otchedwa ANOM, amene zigawenga zinkawakhulupirira, ankayendetsedwa mobisa ndi apolisi a FBI a ku America mothandizana ndi a ku Australia, ndipo anthu oposa 800 anamangidwa.

6. Pamene makina alakwa

Tsopano owerenga akumbukire timiyala tija totsalira m'lichero. Makina alakwa m'njira ziwiri. Atha kudumpha uthenga woopsa, nauika pansi pa mndandanda. Atha kulozanso munthu wosalakwa. Kulakwa kwachiwiriku ndi kumene kuvutitsa anthu wamba.

Mu Januwale 2020 apolisi a mumzinda wa Detroit ku America anamanga bambo wina wachikuda pakhomo pake, mkazi wake ndi ana ake aakazi awiri akuona. Ankamuganizira kuti anaba mawotchi m'sitolo ina m'chaka cha 2018. Umboni wawo waukulu unali wakuti kompyuta yozindikira nkhope inayerekeza chithunzi chosaoneka bwino cha m'sitolomo ndi chithunzi cha pa chiphaso chake choyendetsera galimoto, niti ndi yemweyo. Bamboyo anakhala m'chitokosi pafupifupi maola 30, pamene sanali iye. Mlandu unathetsedwa, ndipo m'chaka cha 2024 mzindawo unavomera kumulipira ndi kusintha malamulo ake, kuti apolisi asamangenso munthu chifukwa cha mawu a kompyuta okha.

Chinachititsa zimenezi ndi chiyani? Makina adziwa zokhazo zimene anaonetsedwa. Mnyamata amene anaphunzira kusankha fodya wa mtundu umodzi asokonezeka akapatsidwa wa mtundu wina. Mu Disembala 2019 bungwe la Boma la America loyeza zipangizo, lotchedwa NIST, linatulutsa zotsatira za mayeso a mapulogalamu 189 ozindikira nkhope. Linapeza kuti ambiri mwa iwo ankasokoneza nkhope za anthu a ku Africa ndi a kum'mawa kwa Asia kuposa za azungu, ena kuwirikiza ka 10, ena mpaka ka 100. Nkhani imeneyi ndi yofunika kwa dziko lililonse la mu Africa limene lingafune kugula makina otere kunja. Liyenera kufunsa kaye kuti makinawo anaphunzitsidwa ndi nkhope za yani, ndi chinenero cha yani.

Koma cholakwa chachikulu ku Detroit sichinali cha kompyuta yokha. Chinali cha anthu amene anakhulupirira kompyutayo osafufuza kumene bamboyo anali tsiku lakubalo. Pali ngozi yakuti munthu akaona kuti makina anena, aleka kuganiza.

7. Mlandu uweruzidwa ndi bwalo

Chifukwa cha ngozi imeneyi, mabwalo a milandu ayenera kuyang'anira. Pa milandu ya EncroChat maloya a oimbidwa mlandu anafunsa mafunso ovuta. Kodi mauthengawo anatengedwa motsata lamulo? Kodi wina angatsimikize bwanji kuti sanasokonezedwe panjira, popeza Boma la France linakana kuulula momwe pulogalamu yake inagwirira ntchito?

Mu Febuluwale 2021 bwalo la apilo la ku England linagamula kuti mauthengawo atha kulandiridwa ngati umboni. Pa 30 Epulo 2024 bwalo lalikulu la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, poyankha mafunso ochokera ku bwalo la ku Berlin, linagamula kuti maiko atha kupatsana umboni wotere motsata malamulo, koma linaonjeza kuti ngati woimbidwa mlandu alibe mwayi weniweni woyankhapo pa umboni umene ungamugwetse, woweruza autaye. M'chaka chomwecho mgwirizanowo unakhazikitsa lamulo loyang'anira nzeru za makina. Lamulolo liletsa kuti makina aloze munthu kuti adzachita mlandu pongoyang'ana makhalidwe ake popanda umboni weniweni, ndiponso lichepetsa kwambiri mphamvu ya apolisi yozindikira nkhope za anthu oyenda m'misewu ndi makamera.

Zimenezi sizachilendo kwa munthu amene anakhalapo pabwalo la mfumu. Kumeneko mboni iimirira, inena zimene inaona, ndipo woimbidwa mlandu aloledwa kuifunsa. Mboni imene siingafunsidwe siikhutiritsa bwalo. Kompyuta siingalumbire, ndipo siingachite manyazi ikanama. Choncho payenera kukhala munthu wodziwika dzina amene ayankha m'malo mwake, nafotokoza momwe umboni unapezekera.

8. Zoyenera kukumbukira

Choyamba, magulu a zigawenga ayenera kulankhulana, ndipo kulankhulanako ndiko kuwagwiritsa.

Chachiwiri, ntchito yaikulu ya nzeru za makina kwa apolisi ndi kupeta. Makina asankha zoyamba kuwerengedwa pa mulu umene anthu sangaumalize, ndipo mwanjira imeneyi miyoyo ya anthu ipulumuka.

Chachitatu, makina adziwa zokhazo zimene anaphunzitsidwa, ndipo alakwa. Mawu a makina ndi chiyambi cha kufufuza, si mapeto ake.

Chachinayi, womanga munthu ndi wapolisi, ndipo woweruza ndi bwalo. Munthu aliyense woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wodziwa umboni womutsutsa ndi kuuyankha.

Chachisanu, makina amva zokhazo zimene zalembedwa kapena kujambulidwa. Galimoto imene iima kuthengo usiku kutsitsa anthu achilendo, kapena munthu wolonjeza atsikana ntchito yabwino kunja nawalanda ziphaso zawo, aonedwa ndi maso a anthu a m'mudzi kompyuta isanadziwe kanthu. Woona zotere akauze mfumu kapena apolisi.

Mafunso okambirana pamsonkhano

(a) Kodi gulu la zigawenga lisiyana bwanji ndi mbala ya m'mudzi?

(b) Chifukwa chiyani apolisi a ku Netherlands anafuna makina, pamene mauthenga anali kale m'manja mwawo?

(c) Pa nkhani ya bambo wa ku Detroit, analakwa ndani, kompyuta kapena anthu?

(d) Ngati mboni yokha pa mlandu ili kompyuta, kodi bwalo lichite chiyani lisanagamule?